Hover pa mapulogalamu a pakompyuta

Hover ndi kusintha kwa maonekedwe a chinthu pa sikirini munthu akafikitsa kamuvi ka mouse pamwamba pake asanadine. Batani limatha kusintha mtundu, kapena pamatuluka kabokosi kofotokoza ntchito yake, kotchedwa tooltip. Mavuto ambiri a hover amabwera pulogalamu ikalephera kudziwa kuti kamuvi kachoka, kapena ikaiwala kuchotsa zinthu zimene inapanga.

Mmene imagwirira ntchito

Pa Windows, mouse ikamayenda, pulogalamu imalandira uthenga wa WM_MOUSEMOVE. Koma kamuvi kakachoka, Windows sinena yokha. Wolemba pulogalamu amayenera kupempha kudzera mu TrackMouseEvent kuti alandire uthenga wa WM_MOUSELEAVE. Pempholi limagwira ntchito kamodzi kokha, choncho liyenera kubwerezedwa kamuvi kakabweranso. Likapanda kubwerezedwa, batani limakhalabe lowala ngakhale kamuvi kali kutali.

Vuto lina ndi kuphethira. Tooltip ikatuluka pansi penipeni pa kamuvi, batani limaona ngati kamuvi kachoka, ndipo limatseka tooltip ija. Ikangotsekedwa, kamuvi kamakhalanso pabatani, ndiye imatulukanso, mobwerezabwereza. Kuiika pambali pang'ono kumathetsa vutoli.

Kuchotsa zinthu

Pojambula batani, pulogalamu imapanga zinthu monga burashi ndi font, zimene Windows imazitcha GDI objects. Chilichonse chiyenera kuchotsedwa ndi DeleteObject ntchito yake ikatha. Ngati burashi yatsopano ikupangidwa nthawi iliyonse mouse ikasuntha, koma osachotsedwa, zinthuzi zimachuluka mofulumira. Windows nthawi zambiri imalola pulogalamu imodzi kukhala ndi zinthu zoterezi zosapitirira 10,000. Malirewa akakwana, mawindo sajambulikanso bwino ndipo pulogalamu imatha kufa, munthu n'kutaya ntchito imene anali asanasunge.

Chiwerengerochi chimaoneka mu Task Manager. Chikamangokwera poyendetsa mouse osatsikanso, ndiye kuti pali chimene sichikuchotsedwa. Njira yabwino ndi kupanga burashi kamodzi windo likamatsegulidwa, ndi kuichotsa likamatsekedwa.

Kuchotsa msanga kulinso ndi vuto lake. Batani likachotsedwa pamene likuyankha uthenga wa mouse, pulogalamu imapitiriza kuwerenga malo a memory amene abwezedwa kale, n'kufa. N'chifukwa chake Qt ili ndi deleteLater, imene imadikira kuti uthengawo uthe kaye chinthucho chisanachotsedwe.