Reverb ndi chiyani, nanga tisankhe iti?

Anzanga, ambiri pasukulu pano tayamba kujambula nyimbo pafoni, ena a kwaya, ena a rap. Koma mukamvera zimene tikutumizirana pa WhatsApp, zina woimba amamveka ngati wagwera m'chitsime, zina ngati wafunda bulangete kumutu. Kawirikawiri vuto silikhala mawu a woimbayo ayi, koma kanthu kotchedwa reverb.

Tiyambe ndi fizikisi pang'ono. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, ndipo akagunda chinthu cholimba amabwerera. Ngati khoma kapena phiri lili pamtunda wopitirira mamita 17, khutu limamva mawu obwererawo paokha. Imeneyo ndi echo. Koma m'chipinda makoma ali pafupi, choncho mawu amagunda khoma ili, denga, pansi, khoma linalo, n'kubwerera kambirimbiri mothinana. Khutu silitha kuwalekanitsa, limangomva ngati mchira umene ukuzilala pang'onopang'ono. Mchira umenewo ndiye reverb. Ombani m'manja kamodzi m'kalasi mopanda anthu, kenaka mukaombenso pabwalo la mpira, mumva kusiyana kwake.

Amene anayamba kuyeza zimenezi ndi Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard ku America, m'zaka za m'ma 1890. Ankalowetsa ndi kutulutsa makushoni a mipando muholo, ndipo anapeza kuti zinthu zofewa zikachuluka mchira uja umafupika. N'chifukwa chake wojambula nyimbo amaika masiponji kapena matiresi m'makoma a situdiyo. Amafuna atenge mawu ouma kaye, reverb adzathire yekha pambuyo, monga mayi athirira mchere m'ndiwo.

Kale kuthira reverb inali ntchito ndithu. Ku situdiyo ya Abbey Road ku London ankaika sipika ndi maikolofoni m'chipinda chapadera cha makoma olimba, n'kujambula mawu obwererawo. Mu 1957 kampani ya ku Germany ya EMT inapanga makina okhala ndi chitsulo chachikulu chopyapyala chimene chinkanjenjemera mawu akalowamo, ndipo ankalemera makilogalamu oposa 200. Ena ankagwiritsa ntchito masipuling'i, ngati King Tubby wa ku Jamaica pa nyimbo za dub. Lero zonsezi zimatsanziridwa ndi tipulogalamu totchedwa plugin, ndipo mayina amene mumawaona pafoni kapena pakompyuta anachokera kumeneko.

Room imatsanzira chipinda chaching'ono. Mchira wake ndi waufupi, ndipo imayenera ng'oma ndi rap, pamene mawu akuthamanga.

Hall imatsanzira holo yaikulu. Imakometsa kwaya ndi nyimbo zodekha, koma pa nyimbo yothamanga imasokoneza zonse.

Plate ndi chitsulo chija. Imamveka mosalala ndi mowala, ndipo ambiri amaikonda pa mawu a wotsogolera nyimbo.

Spring ili ndi kakulira kake kachitsulo, kabwino pa gitala ndi pa rege.

Mukasankha mtundu, pali mabatani atatu oti muwadziwe. Decay ndi kutalika kwa mchira. Apa ndi masamu chabe: nyimbo ya mabiti 120 pa mphindi imagunda kawiri pa sekondi, ndiye mukaika decay ya masekondi 4, liwu limodzi lipitirira kulira mpaka mabiti 8. Liwu lachiwiri, lachitatu ndi lachinayi abwera loyamba lisanathe, basi phala. Pa nyimbo yotere yambani ndi sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka. Pre-delay ndi kampata pakati pa liwu lenileni ndi mchira wake. Mukaika mamilisekondi 20 mpaka 50, liwu limayamba lamveka bwino mchira usanabwere. Mix, kapena kuti wet, ndi kuchuluka kwa reverb. Kwezani mpaka muimve, kenaka tsitsani pang'ono.

Chenjezo lina: bezi ndi ng'oma yaikulu musazithire reverb yambiri, chifukwa mawu aakulu otere akatalika amaphimba anzawo onse. Komanso si bwino kuti chida chilichonse chikhale ndi reverb yakeyake. Zimamveka ngati woimba ali m'tchalitchi, wagitala ali m'bafa, wang'oma ali panja. Sankhani imodzi kapena ziwiri, zida zonse zizidutsa mmenemo, kuti gulu limveke ngati lili malo amodzi. Zimathandizanso kuti foni kapena kompyuta isamajame.

Nanga tigule iti? Kwa ife ana asukulu, musagule. FL Studio imabwera ndi Fruity Reeverb 2, BandLab ya pafoni ili ndi reverb zake, ndipo pulogalamu ya Audacity ndi yaulere. Palinso Valhalla Supermassive imene eni ake amapereka ulere, ngakhale iyo imakoma pa michira italiitali. Zodula zimene anthu amagawana mwakuba pa fulashi zisiyeni, nthawi zambiri zimabwera ndi mavairasi, ndipo paja kompyuta imene ambirife timagwiritsa ntchito ndi yobwereka.

A kwaya mumve ichi: mukajambulira m'tchalitchi, nyumbayo yathira kale reverb yake, ndipo kuichotsa n'kovuta kwambiri. Musaonjezerenso ina. Ngati yachuluka, sendezani foni kufupi ndi oimba. Ojambulira kunyumba, pachikani mabulangete m'makoma ndipo musaimire pakona.

Mukamaliza, musangomvera pa mahedifoni okha. Yesaninso pa sipika ya foni ndi pa kasipika ka Bluetooth, popeza ndi mmene anthu kumudzi kuno adzaimvere. Kenaka itanani mnzanu amene sakudziwa nyimboyo, amvere kamodzi, ndipo mumufunse kuti woimbayo akuti chiyani. Akabwereza mawu onse, reverb yanu ili bwino. Akayamba kukanda mutu, bwererani mukatsitse. Mwina munakhala sabata yonse mukulemba nyimboyo, ndiye si zoona kuti uthenga wake usamveke chifukwa cha batani limodzi.

Wophunzira wa Fomu 2