Mankhwala a ADHD ndi Sikelo ya Mwana

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timamva kawirikawiri za ana amene ali ndi vuto lotchedwa ADHD. Mwana wotere amalephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, amangotakataka, ndipo amachita zinthu asanaganize. Ambiri mwa anawa amathandizidwa ndi mankhwala otsitsimutsa ubongo, monga methylphenidate amene amagulitsidwa ndi maina a Ritalin ndi Concerta, kapena a gulu la amphetamine monga Adderall. Koma makolo ambiri amadandaula kuti mwana akayamba mankhwalawa, kudya kumachepa ndipo sikelo imaima. Kodi zimenezi zimachitika bwanji?

Mankhwalawa amachulukitsa dopamine ndi norepinephrine, timadzi timene timanyamula mauthenga pakati pa maselo a ubongo. Timadziti tikachuluka, mwana amatha kumvetsera mpaka phunziro litatha. Vuto n'lakuti timadzi tomweti timakhudzanso mbali ya ubongo imene imatiuza kuti tili ndi njala. Mphamvu imeneyi ndi yodziwika kale. Kale amphetamine ankagulitsidwa ngati mapiritsi ochepetsa thupi, ndipo mu 2015 boma la America linavomereza kuti mankhwala a ADHD otchedwa Vyvanse azithandizanso akuluakulu amene ali ndi vuto lodya mosadziletsa.

Tiyenera kumvetsa kuti njala siithera tsiku lonse, imangosuntha nthawi. Ritalin wamba amagwira ntchito kwa maola atatu kapena anayi, pamene Concerta amafika pafupifupi maola 12. Mwana akamwa m'mawa, mankhwala amakhala pachimake masana, ndiye nkhomaliro amangoitosatosa. Madzulo mphamvu ikatha, njala imabwera yoopsa.

Nanga thupi limatsika bwanji? Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa MTA, amene anatsatira ana 579 a zaka 7 mpaka 9. Patatha zaka zitatu, ana amene anayamba kumwa mankhwala anapezeka kuti anali ochepa ndi makilogalamu pafupifupi 2.7 komanso afupi ndi masentimita pafupifupi 2 poyerekeza ndi anzawo amene sanamwe. Manambalawa ndi a gulu lonse. Ana ena sasintha n'komwe, ena amatsika kwambiri. Nthawi zambiri kusinthaku kumaoneka kwambiri m'miyezi yoyamba, kenako thupi limazolowera ndipo mwana amayambanso kuwonjezera.

N'chifukwa chake madokotala salangiza kuti mankhwala atayidwe, koma kuti mwana aziyezedwa. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a chaka cha 2018 amati mwana wa zaka 10 kapena kucheperapo azikwera sikelo miyezi itatu iliyonse, ndipo msinkhu wake uziyezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Zotsatira zake zimalembedwa pa tchati, monga timaonera pa khadi la ana a kusikelo. Sikelo ikamatsika, dokotala akhoza kusintha mlingo, kusintha mankhwala, kapena kulola kuti mwana apumire kaye kumwa, mwachitsanzo pa holide. Zonsezi ndi za dokotala, osati za kholo kapena mphunzitsi payekha.

Zina zikhoza kuchitika pakhomo pomwe. Mwana amwe mankhwala pamene akudya kapena atangodya kumene, osati m'mimba muli gwa. Kadzutsa akhale wamphamvu: phala lotendera ndi nsinjiro, dzira, mkaka, nthochi, peyala. Madzulo akapempha chakudya ngakhale atadya kale mgonero, apatsidwe, chifukwa thupi likubweza zimene linaphonya masana. Tingosamala kuti njala imeneyi isadzazidwe ndi maswiti ndi zozizilitsa kukhosi.

Nanga ife aphunzitsi mbali yathu ndi iti? Kholo limaona mwana m'mawa ndi madzulo, dokotala amamuona kamodzi pa miyezi ingapo, koma maola amene mankhwala akugwira ntchito mwana amakhala m'manja mwathu. Ndife amene tingaone kuti chakudya chimene anatenga kunyumba akubwerera nacho, kapena kuti yunifolomu yayamba kumukhwepa. Tisamukakamize kudya pamaso pa anzake, ndipo tisamutche wonyada kapena wosankha zakudya. Tilembe zimene taona, tsiku ndi tsiku, n'kuuza makolo mwaulemu kuti akafotokozere dokotala. Mwana amene wayamba kumvetsera m'kalasi ayeneranso kukula bwino, ndipo ziwirizi n'zotheka ngati akuluakulu amene amuzungulira akuuzana zimene akuona.