Kanema wa Rungano Nyoni: Zimene Akatswiri Anena pa Nkhani ya Nkhanga

Kanema wochedwa On Becoming a Guinea Fowl, amene analembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Mai Rungano Nyoni, ndi mmodzi mwa akanema a m'dziko lino amene akambidwa kwambiri kunja m'zaka zaposacedwapa. Anaonetsedwa koyamba mu May 2024 pa cikondwerero ca akanema ca Cannes ku France, kumene Mai Nyoni analandira mphotho ya wotsogolera wopambana m'gawo la Un Certain Regard, imene anagawana ndi a Roberto Minervini a ku Italy. Mai Nyoni anabadwira mu Lusaka ndi kukulira ku Wales, ndipo kanema wao woyamba wautali, I Am Not a Witch wa mu 2017, anapata mphotho ya BAFTA mu 2018.

Nkhani iyamba usiku, pamene mtsikana wina dzina lake Shula apeza mtembo wa amalume ake a Fred pamseu. M'masiku a maliro cinsinsi ciululika: malemuwo anakhala akugwirira ana aakazi a m'banjamo kwa zaka zambiri, kuphatikizapo Nsansa ndi Bupe, abale ake a Shula. Akuluakulu anali kudziwa, koma anasankha kukhala cete kuti dzina la banja lisaipe. M'malo mwake mlandu onse augwetsera pa mkazi wamasiye, amene akali wamng'ono, namuneneza kuti sanasamalire mwamuna wake.

Akatswiri ambiri openda akanema ku Britain ndi ku America anayamikira luso la Mai Nyoni losakaniza nthabwala ndi cisoni popanda kupeputsa mlanduwo. Anatamandanso Susan Chardy, amene anasewera ngati Shula, cifukwa coonetsa ululu ndi nkhope yacete yosalankhula zambiri. Mu December 2024 iye ndi Mai Nyoni onse analandira mphotho za British Independent Film Awards.

Pamene maganizo anasiyana ndi pa fanizo la nkhanga. Kanemayu akumbutsa kuti nkhanga ikaona cilombo imalira mokweza, ndipo kulira kwake kumacenjeza nyama zina. Ena anati fanizoli lafotokozedwa poyera kwambiri, osasiyira woonerera mpata wolizindikira yekha. Ena anati ndilo mtima wa nkhani yonse, pakuti m'banja lija munasowa munthu wolira ngati nkhanga.

Woonerera wa m'Zambia ali ndi cimene angaonjezere pa mtsutsowu. Zimene alendo amaziona ngati zodabwitsa, monga azimai kugona m'nyumba ya maliro pamene azibambo ali panja, atsikana kuphika kosalekeza ndiponso msonkhano wogawa katundu, n'zozolowereka kwathu kuno. Kulanda cuma ca amasiye nakonso si nthano. Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 likuti munthu akamwalira wosasiya wilo, ana alandire magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo odalira malemuyo 10. Komabe madandaulo a amasiye olandidwa katundu sanathe.

Motero phindu la kanemayu silili pa mphotho zokha. Iye afunsa mabanja athu funso lolemera: kodi mwana akaulula zimene wamkulu wamucita, timamvera mwanayo kapena timateteza dzina la wamkuluyo?