Gibson Kente ndi Chiyambi cha Masewero a Nyimbo m'Malokeshoni a ku South Africa

Sewero la nyimbo ndi sewero limene nkhani yake iyenda ndi zinthu zitatu pamodzi: kulankhula, kuimba ndi kuvina. Wotsogolera sewero lotere ali ndi ntchito yolemetsa, pakuti ndiye asankha ochita sewero, nawaphunzitsa, naona kuti nyimbo iliyonse ilowe pa malo ake oyenera. Mmodzi wa anthu amene anaidziwa bwino ntchito imeneyi ndiye Gibson Kente, amene ambiri amutcha tate wa zisudzo za m'malokeshoni.

Kente anabadwa m'chaka cha 1932 ku Duncan Village, pafupi ndi mzinda wa East London. Atakula anapita ku Johannesburg, mzinda umene anthu a kuno amautcha Joni, kukaphunzira ntchito yothandiza anthu ovutika pa sukulu ya Jan Hofmeyr. Koma mtima wake unali pa nyimbo, chotero anasiya maphunzirowo nayamba kupeka nyimbo ndi kuphunzitsa oimba.

Mu February 1959 munaoneka sewero la nyimbo lotchedwa King Kong, lonena za moyo wa womenya nkhonya Ezekiel Dlamini. Nyimbo zake anapeka ndi Todd Matshikiza, wotsogolera anali Leon Gluckman, ndipo Miriam Makeba anali mmodzi wa oimba. Seweroli linatchuka kwambiri, kotero kuti mu 1961 linakaonetsedwa ku London. Koma kutchukako kunadza ndi vuto lake, chifukwa ena mwa oimba aluso sanabwererenso kwawo, ndipo anthu wamba a m'malokeshoni, amene moyo wawo unali m'seweromo, anatsala opanda zisudzo zawozawo. Mpata umenewu ndiwo Kente anauona.

Sewero lake loyamba, Manana, the Jazz Prophet, linatuluka mu 1963, ndipo Sikalo linatsatira mu 1966. Poyamba anagwira ntchito ndi bungwe la Union Artists ku Dorkay House, koma pambuyo pake anapatukana nalo nakhazikitsa gulu lake. Masiku amenewo malamulo a tsankho analetsa anthu akuda kuonera zisudzo pamodzi ndi azungu, ndipo nyumba zabwino za zisudzo zinali m'mizinda ya azungu. Tsono Kente sanadikire kuti amtsegulire khomo. Anaphunzitsa gulu lake m'garaja ya nyumba yake ku Dube, m'Soweto, nayenda nalo lokeshoni ndi lokeshoni, kuonetsa masewero m'maholo a matchalitchi, a masukulu ndi a misonkhano.

Maholo amenewa ndiwo anaumba machitidwe ake. Munalibe nyali zokwanira ngakhale zokuzira mawu zodalirika, ndipo anthu anali kudzaza mpaka kukhomo. Chifukwa cha ichi anaphunzitsa ochita sewero kutulutsa mawu kuchokera m'mimba, kutong'ola maso, ndi kulankhula ndi thupi lonse, kuti ngakhale wokhala kumbuyo kwenikweni adziwe ngati munthu ali pa nsanjayo wakwiya kapena wachita mantha. Anthu a m'masewero ake anali odziwika kwa aliyense: wapolisi wankhanza, mbusa, mayi wogulitsa mowa mobisa, mnyamata wachifwamba, amayi amiseche. Chingerezi anachisakaniza ndi Chixhosa, Chizulu ndi Chisotho, monga mmene anthu analankhulira pamsewu.

Chinthu chachikulu chimene anachizindikira ndi chakuti nyimbo siikhala yongopumulitsa anthu ayi. Pamene chisoni chakula kotero kuti mawu wamba sangachinyamule, pamenepo nyimbo iyenera kuyamba. Pa maliro anaika nyimbo ya maimbidwe a kwaya ya m'tchalitchi, ndipo pa malo a mowa anaika jazi ndi magule a m'tauni. Chotero woonera anali kuseka tsopano, pakapita kamphindi nagwetsa misozi, ndipo nkhani inali kupitabe m'tsogolo m'kati mwa nyimbomo.

Kwa zaka zambiri masewero ake ananena za mabanja, umphawi ndi chipembedzo. Koma mu How Long (1973), I Believe (1974) ndi Too Late (1975) analoza chala poyera pa malamulo a zitupa ndi nkhanza za apolisi. Akuluakulu a boma analetsa masewerowa m'madera ena, ndipo mu 1976, akujambula kanema wa How Long, Kente anagwidwa natsekeredwa m'ndende. Atatuluka anabwerera ku nkhani za mabanja, ndipo apa achinyamata ena anamdzudzula kuti wafooka pa nkhondo yolimbana ndi tsankho. Munthuyo anali pakati pa moto uwiri: boma linamuona ngati woukira, ena mwa anthu ake namuona ngati wamantha. Mu 1989 nyumba yake inatenthedwa, ndipo zolemba zambiri za masewero ake zinapsa.

Ngakhale zinatero, mbewu imene anafesa inamera mwa ophunzira ake. Mbongeni Ngema ndi Percy Mtwa anadziwana ali m'gulu lake pa sewero la Mama and the Load, ndipo mu 1981 anakonza Woza Albert! pamodzi ndi Barney Simon ku Market Theatre. Ngema yemweyo analemba Sarafina!, limene linayamba ku Johannesburg mu 1987 nkufika ku Broadway, ku New York, mu 1988. Mu 2003 Kente anaulula poyera kuti ali ndi kachilombo ka HIV, pa nthawi imene anthu otchuka ambiri anali kuopa kutero. Anamwalira mu November 2004, ali ndi zaka 72.

Mphunzitsi wa ku pulaimale angatolepo zitatu pa mbiri imeneyi. Choyamba, sewero silidikira nyumba yokongola. Pansi pa mtengo mpokwanira, malinga ana aphunzitsidwe kukweza mawu ndi kuyang'ana kwa oonera. Chachiwiri, nyimbo iikidwe pamene nkhani yafika pachimake. Ana a kuno achidziwa kale chimenechi, pakuti m'nthano za Chichewa wosimba amaimba pamene mwana wamasiye wasauka kapena pamene chinsinsi chili pafupi kuululika, omvera navomereza. Mphunzitsi wosandutsa nthano kukhala sewero asachotse nyimboyo, ndipo kalasi yonse ikhale yovomereza, kuti pasakhale mwana wongokhala chete. Chachitatu, sewero likatha kuonetsedwa, mawu ake ndi nyimbo zake zilembedwe m'mabuku awiri, limodzi likhale kusukulu, lina kwa mphunzitsi. Mwa masewero oposa 20 amene Kente analemba, ochepa okha ndiwo angawerengedwe lero.