Dubai, doko lomwe linadzuka atafukula mchenga

Cha m'ma 1930, mlendo wofika ku Dubai sakanaona choti n'kukasimba kwawo. Kanali katauni ka m'mbali mwa khwawa la madzi amchere lochokera m'nyanja, Deira tsidya lino, Bur Dubai tsidya linalo. Anthu ambiri ankagona m'nyumba za masamba a kanjedza, madzi akumwa ankabwera pamsana pa abulu, magetsi kunalibe. Chuma chawo chinali ngale. Nyengo yotentha amuna ankatha miyezi inayi ali panyanja. Munthu ankapana mphuno, kuponda mwala womangirira kuchingwe, n'kumira mpaka pansi kukatola nkhono, mnzake ali m'chombo tcheru kuti amukoke mpweya usanamuthere.

Koma ku Japan anali atatulukira njira yoweta ngale, malonda a dziko lonse nawo anagwa, mtengo wa ngale n'kutsikiratu. Njala inalowa m'makomo. Tsoka linanso, khwawa lija linayamba kukwiririka ndi mchenga, moti zombo zolemedwa zinkalephera kulowa.

Apa ndiye pokoma nkhani! Sheikh Rashid bin Saeed Al Maktoum atalowa ufumu mu 1958, mafuta anali asanapezeke n'komwe, koma iye sanakhale manja lende. Anakongola ndalama ku Kuwait, amalonda a m'tauni nawo anaponyapo zawo, ntchito yofukula khwawa n'kuyambika. Mchenga wofukulidwawo anauunjika m'mphepete, pakhala mtunda watsopano womangapo. Zombo zinayamba kulowa zili zodzaza, ndipo amalonda a ku India ndi Iran anakhamukirako. Bwalo la ndege linatsegulidwa mu 1960, mlatho woyamba wowoloka khwawa mu 1963.

Mafuta atapezeka mu 1966, ndalama zake zinathamangiranso kumadzi komweko. Doko la Port Rashid linatsegulidwa mu 1972. Anthu asanapume, mfumuyo inaloza gombe lopanda kanthu ku Jebel Ali, makilomita pafupifupi 35 kuchokera m'tauni, kuti akumbepo doko lina lalikulu kuposa loyambalo. Ambiri anapukusa mitu. Linatsegulidwa mu 1979, ndipo mu 1985 pambali pake anapatula dera loti makampani akunja azichitiramo malonda popanda msonkho wa katundu.

Tapitani lero mukaone! Pagombe pomwe panali mchenga wokhawokha paima makireni ataliatali ondondozana, kutola makontena m'sitima n'kuwakhazika pamalole, usana ndi usiku. Makontena mamiliyoni ambiri amadutsa pa Jebel Ali chaka chilichonse. Mumzinda momwe munali nyumba za kanjedza mwaima Burj Khalifa, yotalika mamita 828. Adzukulu a omira pansi aja ali ndi kampani ya DP World, yomwe ikuyendetsa madoko m'maiko ambiri, ngakhale ku Maputo ndi ku Dar es Salaam. Mafuta tsopano ndi kagawo kakang'ono chabe ka chuma cha mzindawu. Chodyetsa anthu ndi katundu wolowa ndi kutuluka.

Chosangalatsa kwambiri n'chakuti khwawa lakale lija silinafe. Ku Deira zombo zamatabwa zimakochezabe mothithikana, amalinyero akukweza mafiriji, matayala ndi matumba a mpunga opita ku Iran ndi Somalia. Timaboti totchedwa abra timawolotsabe anthu, injini ikuphuphuma, mafunde akuwaza m'miyendo. M'misika ya kumeneko ndi momwe amayi ndi abambo a geni ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre amaodamo mafoni, nsalu ndi zipangizo za galimoto, katundu n'kudzera ku Beira kapena Dar es Salaam mpaka kufika kwathu kuno.

Kwathu timati chuma chili m'nthaka. A ku Dubai chawo anachipeza padoko, ndipo anayamba kuchifukula ndi ndalama za ngongole, mafuta asanatuluke ngakhale dontho. Ameneyo ndiye mtima wofunika kuuwombera m'manja!