Mwana Akafunsa za Khungu la Mnzake, Ayankhidwe Zoona

Ana a ku Liwonde ndi ku Balaka adazolowera kuona azungu, ena opita ku nkhalango ya nyama ya Liwonde, ena ansembe a chipani cha Montfort. Akawaona amakuwa kuti "Mzungu! Mzungu!" ndipo akulu amangoseka, pakuti m'mawuwo mulibe chidani. Koma mwana yemweyo akaona mnzake wa khungu lachialubino pachitsime, nafunsa kuti, "Amayi, mzungu uyu bwanji akulankhula Chiyao?" kuseka kumathera pomwepo.

Makolo ena amamtsina mwanayo kuti akhale chete. Ena amamuuza zimene iwonso adamva ali ana, kuti ameneyo ndi napweri, ndi kuti anthu otere safa, amangosowa. Njira ziwiri zonsezi ziphunzitsa mwana chinthu chimodzi, chakuti mnzakeyo sali munthu monga iye.

Anthu a ku Machinga adziwa kumene maganizo otere amafikitsa. M'chaka cha 2016 bungwe la Amnesty International lidalengeza kuti anthu achialubino osachepera 18 adaphedwa m'dziko muno kuyambira mu Novembala 2014. Mu 2018 MacDonald Masambuka, mnyamata wa zaka 22, adaphedwa m'boma lomwelo la Machinga. Mu 2022 bwalo lalikulu la milandu lidapeza anthu 12 olakwa, ndipo mwa iwo mudali wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito yachipatala. Amenewa adali anthu opita kusukulu, kusonyeza kuti maphunziro paokha sazula bodza limene lidazika mizu.

Boma lidachita mbali yake pamene Nyumba ya Malamulo idakhwimitsa zilango za milandu yotere mu 2016. Komabe lamulo limafika mlandu utachitika kale, pamene kholo ndi mphunzitsi amafika mwana asanaumbe maganizo ake. Paja akulu adati m'mera mpoyamba.

Yankho loona silili lovuta. Mwana wachialubino amabadwa ndi thupi losapanga mokwanira chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, ndipo chibadwa chimenechi chimachokera kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale onse awiri ali akuda. Sichipatsirana, sichili tsoka, ndipo mafupa ake alibe chuma chilichonse. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu otere oposa 134,000, ndipo mu 2021 a Overstone Kondowe adasankhidwa kukhala phungu woyamba wachialubino m'Malawi.

Tsono kholo lingathe kunena mwachidule kuti, "Ameneyu ndi mwana wa kwathu konkuno, dzina lake ali nalo, ukamufunse." Mphunzitsi naye amkhazike mwana wotere patsogolo chifukwa maso ake saona patali, amlole kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali poopa dzuwa, ndipo afotokozere kalasi yonse chifukwa chake. Ana amene amva chifukwacho kwa mphunzitsi wawo sadzapita kukachifunsa kwa anthu a mphekesera.