Mwana wa Kwathu Amayamba Kuthokoza ndi Manja

M'chaka cha 1980 akatswiri awiri a ku Boston m'dziko la America, Esther Greif ndi Jean Berko Gleason, anatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe anachita pa ana 22 a zaka 2 mpaka 5. Mwana aliyense ankabwera ndi kholo lake, ndipo akatha kusewera munthu wachilendo ankalowa n'kumupatsa kamphatso. Chimodzi mwa zomwe ofufuzawo ankafuna kuona n'chakuti mwanayo athokoza payekha kapena ayi. Pa maulendo 100 alionse, ana anathokoza okha maulendo 7 basi. Mawuwo ankatuluka bwino kholo likayamba lafunsa kuti, "Kodi umati chiyani?"

Kholo la ku Malawi silingadabwe kumva kuti ana amaiwala. Lingadabwe kuti akatswiriwo ankangotchera khutu, chifukwa kuno munthu wofuna kudziwa ngati mwana akuleredwa bwino amayang'ana manja.

Mlendo akafika pakhomo, kaya ndi ku Ntchisi kaya ku Ndirande, n'kutulutsa mandasi m'chikwama, kamwana ka zaka ziwiri kamathamanga katatambasula dzanja limodzi. Mayi ake sachulutsa zonena. "Manja awiri!" Mlendo naye amadziwa mbali yake: amagwirabe mandasi aja mpaka dzanja lachiwiri litafika. Kakalandira kamauzidwa kuwomba m'manja, ndipo popeza manja adzaza, kamayamba kaika mandasiwo pamiyendo pa mayi ake, kuwomba kawiri mofulumira, n'kuwatolanso mwina wina angawatenge. Akasinkhuka, mtsikana amaphunzira kugwada, mnyamata kunjuta. Kulandira ndi dzanja lamanzere lokha ndi chipongwe chomwe ngakhale mwana wa ku mkaka amachidziwa. Zikomo wa pakamwa amabwera ndithu, koma amapeza thupi litazolowera kale.

Chomwe chimatsatira ndicho phunziro lenileni, ngakhale palibe amalitcha phunziro. Agogo ali pamphasa amatambasula manja. "Tandibenthulireniko, amayi." Kamwana kamayang'ana mandasi, kamayang'ana agogo, kenako kamabenthula kachidutswa kochepetsetsa. Agogo amakalandira ndi manja awiri, amawomba m'manja mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Zikomo aNaphiri, mwatikumbuka ife." Kawirikawiri sadya n'komwe, amangoyerekeza kuluma n'kubweza. Wokana kugawa amasekedwa kuti ndi womana, ndipo mawa adzayesedwanso. Pamenepa mwana amaona munthu wa imvi akumuchitira iye zomwe mayi ake anamuuza kuchita, komanso amamva kukoma kwa kuthokozedwa potchulidwa mfunda wake. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo mwana amayamba kuzimva asanathe n'kutchula komwe dzina lake.

Anansi athu a ku Zimbabwe ali ndi zofanana. Pakati pa Ashona mwana salandira chinthu kwa wamkulu asanawombe m'manja, ndipo kawombedwe ka amuna n'kosiyana ndi ka akazi: amuna amalunjikitsa zikhatho, akazi amazipingasa. Pothokoza mozama amatchula mfunda wa munthu, monga Shumba, Soko kapena Moyo. Ana a Amalawi omwe makolo awo anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko sanavutike kuzolowera mwambowu, pakuti anaupeza kale kunyumba.

Ku Britain mphamvu yonse ili pa mawu. Mwana akapempha kapena akalandira kanthu amakumbutsidwa za "mawu amatsenga", omwe ndi chonde ndi zikomo, ndipo m'mabanja ambiri Khirisimasi kapena tsiku lobadwa likadutsa amakhazikidwa patebulo kuti alembere agogo ndi azakhali makalata othokoza. Wosadziwa kulemba amajambula chithunzi. Ndi mwambo wabwino, chifukwa umakakamiza mwana kukumbukira yemwe anamupatsa ngakhale ali kutali. Koma kafukufuku wina wa mu 2018, wotsogozedwa ndi Simeon Floyd, anaonetsa kuti mawu othokoza satchulidwa kwambiri monga anthu amaganizira. Gulu lake linamvetsera zokambirana za tsiku ndi tsiku za achibale ndi anansi m'zinenero 8, kuphatikizapo Chingerezi, Chitaliyana, Chirasha ndi Siwu cha ku Ghana. Munthu akapempha kanthu n'kuchitiridwa, ankathokoza kamodzi pa maulendo pafupifupi 20. Olankhula Chingerezi ndiwo anatsogola, komabe kamodzi pa maulendo 7 okha. Olankhula Siwu sanafike n'kamodzi komwe pa 100. Ofufuzawo sananene kuti anthuwa ndi osayamika. Anati pomwe anthu amadalirana tsiku ndi tsiku, kuthandizana kumatengedwa ngati udindo wa aliyense.

M'mabanja ambiri a ku India amapitirira pamenepo. Kuthokoza mayi kapena mchimwene wako ndi mawu kungamveke ngati ukumuyesa mlendo. Mwana amaonetsa kuyamika pogwira mapazi a akuluakulu, ndiponso powasamalira akakalamba. Mmalawi akhoza kumvetsa msanga maganizo amenewa. Mwana wothamangira kukalandira katundu wa azakhali akutsika basi, wotumika ku chigayo osanyinyirika, wokumbukira kusungira mng'ono wake theka la chinangwa, amakhala akubweza zabwino zomwe analandira, ndipo onse amadziwa choncho popanda wina kunena.

Komabe pali malo pomwe mwambo wathu umaperewera, ndipo a ku Japan ndi a ku Norway akutiposa. Ku Japan mwana sayamba kudya asanaphatikize manja n'kunena kuti itadakimasu, ndipo akatha amathokozanso. Kusukulu za pulayimale ana amavala maepuloni oyera n'kugawira anzawo chakudya cha masana okha, motero amadziwa kulemera kwa mphika ndi ntchito ya wophika. Pokumbukira 23 November, tsiku lothokoza ogwira ntchito, ana a sukulu zambiri amapereka makhadi kwa apolisi ndi ozimitsa moto. Ku Norway mwana sachoka patebulo asananene kuti takk for maten, kutanthauza zikomo chifukwa cha chakudya, kwa yemwe waphika, ngakhale chakudyacho chikhale buledi wamba. M'maiko awiriwa kuyamika kwalumikizidwa ku chinthu chochitika tsiku lililonse.

Kwathu kuno alipo makomo momwe ana akatha kudya amawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo amayi, takhuta." Koma ndi ambirinso momwe mwana amagwadira mlendo chifukwa cha switi imodzi, pomwe mayi yemwe watola nkhuni, watunga madzi pa mjigo, wasinja nsinjiro n'kutakasa nsima mu utsi amangosiyiridwa mbale zakuda. Chitenje cha pa 15 October, Tsiku la Anakubala, n'chabwino, koma sichingalipire masiku ena onse a chaka. Ndipo kugwada kumene timanyadira nthawi zina kumakhala mantha chabe. Mtsikana wogwada ndi beseni la madzi pamaso pa bambo ake, bambowo n'kusamba m'manja maso ali pa foni osatulutsa liwu, akuphunzira kuti kuthokoza ndi ntchito ya ana ndi akazi, yomwe munthu amaisiya akakula. Ili ndi phunziro loipa, ndipo ana aamuna a pakhomopo amaliloweza msanga.

M'tauni mwabwera zina. Makolo amasangalala mwana wa ku nazale akalandira chinthu n'kunena "thank you" momveka bwino, ndipo palibe cholakwa ndi mawuwo. Chodandaulitsa n'chakuti nthawi zambiri amanenedwa dzanja limodzi litakwatula kale, maso ali pa TV, ndipo palibe agogo pafupi oti apemphe kubenthuliridwa. Banja lomwe latenga mawu a ku Britain n'kutaya manja awiri lataya chachikulu kuposa chomwe latola.

Njira ya agogo pamphasa ija ndi yomwe makolo a lero ayenera kuigwiritsa, chifukwa wamkulu ndiye amayamba, mwana n'kutsanzira. Abambo, mwana akakubweretserani madzi osamba m'manja, muyang'aneni n'kumuthokoza pomutchula mfunda wake. Mukatha kudya, thokozani yemwe waphika mokweza, ana akumva.